Vila Coutinho idakalipo pa makadi akale a positi

TETE – Achinyamata ambiri a ku Angónia akamva dzina loti Vila Coutinho amafunsa kuti malowo ali kuti. Chikhalirecho ndi Ulongwe yemweyo. Dzinali linachotsedwa dziko litalandira ufulu mu 1975, monganso Vila Cabral inasanduka Lichinga ndipo Vila Pery inasanduka Chimoio. Maina oterewa adakaonekabe pa makadi akale a zithunzi, amene Apwitikizi amawatcha postal.

Postal inali kalata yosalowa mu envulopu. Kumaso kwake kunali chithunzi. Kumbuyo, mbali ina inali ya uthenga, ina ya keyala ndi sitampa. Ogula ake anali asilikali, ansembe, eni makantina ndi antchito a boma la atsamunda, ofuna kuti abale awo ku Portugal aone kumene iwo akukhala.

Ena mwa ojambula oyambirira anali abale awiri, J. ndi M. Lazarus, amene ankagwira ntchito ku Lourenço Marques ndi ku Beira cha m'ma 1900. Mu 1929 José dos Santos Rufino, yemwenso ankagulitsa makadi, anatulutsa mabuku 10 a zithunzi za Mozambique, osindikizidwa ku Hamburg. Limodzi mwa mabukuwo likuonetsa chigawo cha Tete.

Pa makadi a chigawo chino pamaoneka linga la São Tiago Maior, tchalitchi cha mishoni ya Boroma, misewu ya mu mzinda wa Tete ndi batelau yomwe inkaolotsa magalimoto pa Zambezi mlatho usanamangidwe. Mlathowo, womwe lero ndi wa Samora Machel, unatha mu 1973. Palinso mlatho wa njanji wa Dona Ana ku Mutarara, wotalika kuposa makilomita 3 ndi theka.

Komabe khadi limaonetsa zokhazo zimene mtsamunda ankafuna kuti zioneke. Nyumba ya administradori yopakidwa njereza ilipo, msewu wosesedwa bwino ulipo. Amene anaumba njerwa ndi kulambula msewuwo pa chibalo sakutchulidwa. Msonkho, asipayi ndi mbalamatodya palibe. Munthu wakuda akaoneka, nthawi zambiri alibe dzina. Pansi pake pamangolembedwa kuti indígena, mawu a lamulo la tsankho lomwe linathetsedwa mu 1961.

Nanga n'kuwasungiranji? Chifukwa chake ndi nkhondo. Pofika pa 4 Okutobala 1992, pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi. Ambiri pobwerera kuchokera ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje anapeza sukulu, zipatala ndi makantina zili mabwinja, katundu wa m'nyumba atapsa. Kwa malo ena, khadi lakale ndilo umboni wa m'mene panaliri. Khadi la phiri kapena mtsinje limathandizanso kuyerekeza mitengo yomwe inalipo kale ndi imene yatsala lero.

Makadi ena akusungidwa ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, nyumba yosunga zakale yomwe inakhazikitsidwa mu 1934. Ena akugulitsidwa pa intaneti kwa anthu okonda zakale a ku Ulaya. Enanso angakhale m'masutikesi a mabanja ndi m'makabati a kumishoni.

Amene ali nalo alisunge pouma, kutali ndi chiswe ndi dzuwa. Asalimate pakhoma, ndipo asamatule sitampa, pakuti chidindo cha positi ndicho chimanena chaka ndi malo. Alijambule ndi foni, kenako apite nalo kwa agogo, kwa nyakwawa kapena kwa mphunzitsi wopuma. Akuluakuluwo ndiwo angaloze kuti apa panali chigayo, apa pankaima basi, nyumba iyi anamanga ndi anthu a mudzi wakuti. Zimene anenezo zilembedwe pa pepala lina, ndipo lisungidwe pamodzi ndi khadilo.

Amene anaona Vila Coutinho ndi maso awo ali achikulire kale tsopano ali ndi zaka zoposa 70. Akapita iwowo, makadiwo adzatsala ndi mawu a mtsamunda okha.