KUKONZA PHUNZIRO LA ZAUMOYO MWA NDONDOMEKO

Mlangizi wa zaumoyo angathe kulankhula ola lathunthu pansi pa mtengo wa mango, amayi namuombera m'manja, koma m'mawa mwake iwo nkumamwabe madzi a mumtsinje wa Namadzi osathira mankhwala. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Motero kakonzedwe ka phunziro si nkhani ya aphunzitsi a kusukulu okha.

M'chaka cha 1975 akatswiri a pa Florida State University ku America anakonzera asilikali a dzikolo njira ya kaphunzitsidwe imene lero imatchedwa ADDIE. Njirayi ili ndi magawo asanu: kufufuza, kulinganiza cholinga, kukonza zipangizo, kuphunzitsa ndi kuyesa zotsatira.

Gawo loyamba ndilo ambirife timalidumpha. Musanapemphe a mfumu kuti aitanitse msonkhano, yendani m'mudzimo. Kodi anthu amatunga pa mjigo kapena pa chitsime chosatetezedwa? Kodi mitsuko ili ndi zivundikiro? Ine ndinaphunzitsapo za kuwiritsa madzi akumwa pa mudzi wina pafupi ndi msika wa Namadzi, osadziwa kuti kumeneko nkhuni nzogula. Mayi wina wachikulire anati, "Bambo, nkhuni za nsima zikutivuta, nanga za madzi tizitenga kuti?" Ndinasowa chonena. Ndikadayamba ndafufuza, ndikadapita ndi klorini.

Cholinga chikhale chimodzi, ndiponso chooneka ndi maso. Kunena kuti "amayi adziwe za kutsegula m'mimba" nkosakwanira, pakuti kudziwa sikuoneka. Lembani kuti "mayi aliyense asungunule paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino." Zipangizo zikhale zimene ali nazo kunyumba: botolo, chikho, supuni. Tsiku la msika lipeweni.

Pophunzitsa, onetsani kamodzi, kenaka perekani supuniyo kwa amayi kuti achite okha, inu mukuwongolera. Akumbutseni kuti Thanzi wotsala amatayidwa pakatha maola 24.

Pakapita milungu iwiri bwererani. Musafunse kuti "Kodi munamva?" chifukwa mwaulemu onse adzavomera. Pemphani amayi angapo asungunule Thanzi inu mukuona, ndipo werengani amene akhoza. Ngati ambiri achepetsa madzi, mwina m'mudzimo mulibe botolo la lita imodzi. Pitani mukaone mabotolo amene alimo, muwayeze, ndipo mukonzenso phunzirolo.