Buku la ku Brazil Lokamba za Munthu Wokhala Yekha M'tauni

Ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, kuli anthu odziwa kuwawa kwa kusiya kwao. M'caka ca 1988 Boma la a Kenneth Kaunda linatsegula malo amenewa kuti acinyamata osowa nchito m'matauni apatsidwe minda. Iwo anacoka m'tauni nalowa kumunda, koma buku lina la ku Brazil likamba za munthu amene anacoka kumudzi nalowa m'tauni.

Bukuli, lochedwa Angústia, ndiye kuti nkhawa yothina pamtima, analilemba m'Cipwitikizi ndi a Graciliano Ramos. Linasindikizidwa mu 1936 iwo ali m'ndende, atagwidwa ndi boma la Getúlio Vargas.

Mwini nkhani ndi Luís da Silva, kalaliki wa boma mumzinda wa Maceió. Malipiro ake ndi ocepa, ndipo ngakhale ali nao anzake oceza nao, za kukhosi sauza munthu. Maganizo ake angobwerera ku famu ya agogo ake imene inagwa iye ali mwana. Atatomera Marina, mtsikana wa nyumba yoyandikana, analowa m'ngongole pokonzekera ukwati. Koma Julião Tavares, mwana wa wamalonda wolemera, anamlanda mtsikanayo, nampatsa pakati, namsiya. Luís anasunga cizondi mumtima kufikira anapha Julião ndi cingwe.

Kodi cinaononga Luís ndi umphawi kapena kusungulumwa? Kumudzi mlandu wotere ukadafika kwa ankhoswe ndi kwa nyakwawa mtima usanade, koma m'tauni Luís analibe onsewa. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama. Makolo amene ana ao ali ku Lusaka aziwafunsako za mumtima, osati za ndalama zokha.