Ophika mabanzi a ku Minga

Wochokera ku Lusaka pa msewu waukulu wa Great East akawoloka mlatho wa Luangwa n'kudutsa nthochi za ku Nyimba, asanafike pa mphambano ya ku Petauke, amapeza pokhotera ku Minga. Kumeneko kuli mishoni yakale ya Akatolika a dayosizi ya Chipata, imene anayambitsa ansembe a White Fathers, ndipo pali chipatala ndi sukulu. Malo otere sasowa munthu wanjala. Wodwazika matenda amene wachezera usiku wonse pambali pa bedi amafuna chomwera tiyi kukacha. Mwana wa sukulu ali ndi kandalama kake m'thumba la yunifolomu. Anyamata onyamula anthu pa njinga, odikira basi, namwino wotuluka ntchito ya usiku, onsewa amadya za m'beseni la mayi wina amene anadzuka tambala woyamba asanalire.

Ophikawa sali pa mlingo umodzi. Woyamba kumene amayambira pa vitumbuwa, chifukwa zimangofuna chiwaya, saladi ndi ufa pang'ono. Wina amaphika chikondamoyo cha ufa wa chimanga, soda ndi nthochi zakupsa, zinthu zimene zambiri zili pakhomo kale. Mabanzi, masikono ndi buledi ndi za amene mpamba wakulako, pakuti zimalira ufa wa tirigu, ndipo tirigu salimidwa m'minda ya Ansenga. Amalimidwa nthawi yozizira m'mafamu akuluakulu othirira a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, n'kugayidwa ndi makampani monga National Milling, kenako thumba limayenda ulendo wautali pa lole. Pofika m'sitolo ya ku Petauke mtengo wa dizilo uli m'kati momwemo. Mayi wa ku Minga akamadula banzi lake kukhala laling'ono kuposa la chaka chatha, si umbombo. Mtengo wa banzi sangaukweze mwachisawawa, ogula angathawe, ndiye amachepetsa mtanda.

Zophikiramo nazo zimasiyana. Pali poto woyikidwa pa mbaula, makala ena pansi ena pa chivundikiro, wotulutsa mabanzi ochepa pa ulendo umodzi. Pali mgolo wogonekedwa, wothiridwa mchenga kuti moto usapsereze pansi. Ndiye pali uvuni wa njerwa ndi dothi. Mu uvuniwu amasonkha nkhuni mpaka njerwa zitayera m'kati, n'kuphula makala, n'kuwaza kaufa pansi. Ufawo ukada msanga ndiye kuti moto wachuluka, adikire kaye; ukafiira pang'onopang'ono, mathileyi alowe. Njerwa zimasunga kutentha nthawi yaitali, choncho kuwotcha uvuni wonse chifukwa cha beseni limodzi n'kuwononga nkhuni. Apa m'pamene amayi amayambira kugwirizana: uyu abweretse mtolo lero, uyo mawa, buledi alowe poyamba moto uli waukali, mabanzi atsatire, chikondamoyo chitsirize. Sanakumane kuti athandizane maganizo. Anakumana chifukwa nkhuni zili kutali ndipo makala akwera.

Koma taonani zimene ntchitoyi imachita ndi munthu. Kukanda mtanda kumafuna manja onse awiri, mapewa ndi msana, kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo wokanda sangakhale ali kwina ndi mtima wonse, chifukwa zala ziyenera kumva ngati madzi achepa. Akatha amauphimba ndi nsalu. Yisiti safulumizidwa. Kwa ola lathunthu palibe chochita chachikulu, koma palibenso wochoka, poti mtanda ukafufuma mopitirira umawawasa. Ola limenelo ndi limene ndimaliona kuti ndi lamtengo wapatali pa ntchito yonseyi. Kumunda aliyense ali pa mzere wake, kumjigo pali mzere ndi makutu ambiri, kutchalitchi wolankhula ndi mmodzi. Pa uvuni pali anthu anayi kapena asanu odziwana, atakhala pansi, kunja kudakali mdima, ana ali mtulo. Wina amafunsa akupaka mafuta m'thileyi, osayang'ana n'komwe: “Amake mwana, masiku ano mwangoti zii, kwagwanji?” Yankho loyamba limakhala lakuti palibe. Lachiwiri limabwera patapita kanthawi: “Asisi, tulo sindikupeza. Maganizo.”

Maganizo amenewa ali ndi nkhope zodziwika. Bambo anapita ku Lusaka kukafuna ganyu ndipo foni yasiya kulira. Mwana wakhoza giredi 12 koma ndalama ya koleji palibe. Mayi waika mwamuna wake mwezi watha, abale abalalika, nyumba yakula. Wotereyu kawirikawiri sanena kuti akudwala. Amati mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga, BP yakwera, ndipo amayamba kugona masana, osasamba, osasesa. Akatswiri a matenda a maganizo ali ndi njira ina yothandizira munthu wofooka chotere, imene bungwe la World Health Organization limavomereza: kumubwezera pang'onopang'ono ku ntchito zazing'ono zokhala ndi nthawi yake, zimene zotsatira zake zimaoneka. Kuphika kuli ndi zonsezi. Pali ola lodzukira. Pali anzake amene azindikira msanga akapanda kubwera, n'kutuma mwana kukagogoda. Ndipo pakatha maola awiri kapena atatu, chimene manja ake agwira chatuluka, chikununkhira, munthu wachigula n'kunena kuti chakoma. Mlimi amadikira miyezi inayi kuti aone phindu la thukuta lake, ndipo mu 2024 ambiri sanalione n'komwe, pamene mvula inadula pakati chimanga chili pofuna kumasula, mpaka pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Munthu amene munda wamukhumudwitsa chotero amafunika kanthu kena komutsimikizira kuti manja ake akadali ndi ntchito.

Kunja ena anaziona kale izi n'kuzikonza mwadala. Ku Bulgaria, mu 2009, Nadezhda Savova anatsegula nyumba yakale ya makolo ake m'tauni ya Gabrovo kuti anthu azikanda buledi pa tebulo limodzi, achikulire, ana amasiye ndi olumala omwe, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa Bread Houses Network. Pafupi ndi ife, ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pabwalo la kiliniki kumvetsera anthu olemedwa ndi maganizo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti amene anacheza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Ndikaziika pamodzi ziwirizi, ndimaona kuti mphamvu siili mu ufa. Ili mwa munthu wokhala nawe pafupi amene ali ndi nthawi yomva. Uvuni umangopereka chifukwa chokumanirana chimene palibe angachite nacho manyazi, pakuti wopita kukaphika sanenedwa kuti mutu wake sukuyenda bwino.

N'chifukwa chake wophika yekha ndimamudera nkhawa. Ntchitoyi ndi yowawa. Utsi umalowa m'maso ndi m'chifuwa, mikono ili ndi zipsera za mathileyi, tulo n'tochepa. Banzi lopanda mankhwala osungira likagona masiku awiri lauma, ndipo buledi wa m'pulasitiki wochokera m'mabekale a m'tauni ali pa kantemba pomwepo kupikisana nalo. Mlamu amatenga pa ngongole ndipo kumukumbutsa n'kovuta. Nthawi yokolola, anthu atagulitsa mtedza, soya ndi thonje, beseni limatha dzuwa lisanafike pamutu. Mu Januwale ndi Febuluwale limabwerera kunyumba ndi theka. Ngati mpamba unachokera ku banki ya m'mudzi, tsiku lobweza silisuntha. Mayi wosenza zonsezi yekha, ali ndi poto wake kuseri kwa nyumba, kuphika kumamuwonjezera maganizo m'malo momuchotsera. Pa gulu naponso pamabuka mikangano, makamaka ya ndalama, koma pa gulu pali chilimba, pali wokubwereka makapu awiri a ufa, pali wogulitsako mabanzi ako mwana akadwala.

Tisanamizanenso kuti mtanda ungachize chilichonse. Munthu amene akumva mawu a anthu osaoneka, amene wasiya kudya masiku angapo, kapena amene wayamba kunena kuti kuli bwino angofa, ndiponso mayi wongobereka kumene amene sakufuna kuyang'ana khanda lake, afunika chipatala tsiku lomwelo. M'midzi momwe mankhwala ophera tizilombo ta m'munda ali m'nyumba iliyonse, mawu otere si oyankha ndi “limbani mtima”. Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, Chainama, chili ku Lusaka, makilomita oposa 300 kuchokera ku Minga. Lamulo la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, limafuna kuti chithandizo chizifika pafupi ndi kumene anthu amakhala. Oyamba kuona kuti mnzawo wasintha nthawi zambiri ndi amayi a pa uvuni aja. Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo atamakhala nawo kamodzi pa mwezi, pa ola lija la kufufuma kwa mtanda, n'kuwauza zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala, ambiri angafike msanga.

Mabungwe ndi mipingo akafuna kuthandiza amakonda kugawa ufa ndi mathileyi kwa mayi aliyense payekha, kuti azikaphikira kwawo. Ine ndikanakonda ndalama yomweyo imangire uvuni umodzi wabwino wa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, pafupi ndi msika kapena chipata cha chipatala. Ukhale ndi chumuni chotulutsira utsi pamwamba, chitseko chachitsulo chotseka bwino kuti nkhuni zisamathe zambiri, denga la malata loti aziphika ngakhale m'dzinja, ndi benchi. Pakhale sikelo ndi kope lolembamo ndalama, losungidwa ndi anthu awiri. Alangizi a zaulimi awaonetsenso kasakanizidwe ka mbatata yofiira m'kati, yophika n'kupota, imene imalowa m'malo mwa gawo lina la ufa wa tirigu ndipo imalimidwa konkuno kum'mawa, kuti thumba lochokera ku Petauke lizikhalitsako.