Chikuta ndi benchi

Mayi akachira kumudzi sapempha thandizo. Limabwera lokha, litasenza nkhuni pamutu. Mayi ake, kapena apongozi ngati ali kuchimuna, amalanda khitchini yonse: kuphika phala, kuchapa matewera, kutereka madzi omuthowa m'mawa ndi madzulo. Iye ntchito yake n'kuyamwitsa ndi kugona basi. Chimenechi ndiye chikuta, ndipo chimatha mchombo wa mwana ukagwa, patapita sabata kapena kuposerapo pang'ono. Makolo athu ankadziwa kuti wobereka nayenso ndi wodwala. N'chifukwa chake timati "wachira".

Pali thandizo lina limene mayi amachita kulilondola ndi miyendo yake. Uku n'kukhala pansi ndi munthu amene si mbale wake, kaya namwino, mlangizi wa zaumoyo kapena phungu, n'kumuuza kuti tulo sitikubwera ngakhale khanda litagona, kuti misozi ikungotsika yokha, kuti mwana akalira usiku mtima umafuna kutsegula chitseko n'kumapita.

Pa nkhani ya thupi, chikuta chilibe mnzake. Phungu sangakutungire madzi. Komanso m'chikuta mulibe manyazi, poti palibe amakufunsa ngati walephera. Aliyense wobereka amalowamo, wolimba ndi wofooka yemwe. Vuto lake n'loti chimatha msanga. Matenda a maganizo obwera pambuyo pobereka kawirikawiri amaonekera alendo atabalalika, m'masabata ndi miyezi yotsatira, ndipo si achilendo: bungwe la WHO limati m'maiko amene akutukuka kumene, pafupifupi amayi 20 mwa 100 alionse amavutika maganizo akabereka. Pa mzere wa kusikelo, werengani amayi asanu, mmodzi angakhale ali m'gulu limeneli.

Koma chimene chimandivuta kwambiri ine ndi makutu a m'chikuta. Amene akukuthowayo ndi yemwe uja anakulangiza usanalowe m'banja kuti banja ndi kupirira. Ukayesa kumuuza kuti sukupeza bwino mumtima, yankho ulidziwa kale: "Ife tinabereka asanu ndi atatu, tinkalima mwana ali kumsana." Sakunama ayi, analimadi. Koma mayi uja sadzayambanso nkhaniyo. Nanga ngati chimene chikumudya ndi mwamuna wake, amene wayamba kubwera usiku ndalama atamwera, angawauze bwanji apongozi, amene anabereka mwamunayo? Akauza mayi ake omubereka, mawa nkhani ili kwa ankhoswe, pamene iye amangofuna wina amumve.

M'tauni chikuta chenichenicho chafupika. Agogo amakwera basi kubwera ku Ndirande kapena ku Area 25, kukhala masabata awiri, n'kubwerera poti kumunda sikudikira. Lamulo la ntchito la mu 2000 limapatsa mayi wolembedwa ntchito tchuthi cha masabata 8 kamodzi pa zaka zitatu, ndipo mu 2021 anaonjezerapo masabata 2 a bambo. Wogulitsa tomato pamsika lamuloli silimudziwa. Tchuthi chake chimatha tsiku limene banja layamba kudya mpamba.

Munthu wakunja kwa banja mphamvu yake ndi yoti alibe mbali. Sadzakumana ndi mwamuna wako pamaliro n'kumuyang'ana ndi diso lina. Amathanso kusiyanitsa kutopa wamba ndi matenda ofuna mankhwala, chinthu chimene chikondi cha agogo pachokha sichingachite. Kufooka kwake n'koti sapezeka paliponse, komanso dzina la ntchito yake limaopsa. Ukangotchula maganizo, anthu amaganiza za kuchipatala cha amisala ku Zomba, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, n'kunena kuti mwana wa uje wapenga. Kusikelo, kumene mayi amafikako mwezi ndi mwezi, wokwera pasikelo ndi mwana, wolembedwa m'kabuku ndi mwana. Mayi akafunsidwa, nthawi zambiri ndi za kulera. Malangizo a WHO a mu 2022 amati mayi amene wangobereka azifunsidwanso za nkhawa ndi kukhumudwa, koma namwino mmodzi amene panja pakudikira khwimbi la anthu nthawi imeneyo aitenga kuti?

Anzathu a ku Zimbabwe anapeza njira yodutsa pakati. Dokotala wa maganizo Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala onga iye ndi owerengeka, anayamba mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare, ntchito yotchedwa Friendship Bench. Panja pa chipatala amaika benchi, pabenchipo pamakhala agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera popanda kudzudzula, ndi kuthandiza munthu kusankha vuto limodzi loyamba nalo n'kulipezera njira yekha. Satchula misala. Amagwiritsa mawu a Chishona akuti kufungisisa, kuganiza kwambiri, ndipo ife tomwe timati "akudwala maganizo" osatanthauza kuti munthu wapenga. Chimene chimandikopa pa benchi imeneyi n'choti wokhalapoyo ndi agogo, wa imvi ndi chitenje ngati a kwanu, koma si agogo ako. Ulemu wa m'chikuta ulipo, koma zimene wanena sizikafika kwa ankhoswe.

Mutandifunsa ine, sabata yoyamba palibe choposa madzi otentha ndi phala la apongozi. Mwezi wachitatu, nyumba itakhala zii, mayi amene akulira m'bafa kuti ana asamuone ayenera kutuluka kukapeza khutu lachilendo, osadikira kuti wina amuloleze. Tsiku limenelo khanda lidzafunabe wolisunga, ndipo mwina adzakhala apongozi omwe aja. Akawatsanzika kuti akupita kumsika, ine sindingamudzudzule.