SIKELO NDIYE AUZA MLINGO WA MANKHWALA A MWANA

Mvula ikagwa, malungo amaculuka m'midzi yozungulira Chipata, ndipo azimai ambiri amafika ndi ana odwala ku cipatala cacikulu ca Chipata Central, ku Mwami, ku St Francis ku Katete ndi ku zipatala zazing'ono za kumidzi. Ena amadandaula poona kuti namwino ayamba waika mwana pa sikelo asanapereke mankhwala. Kuteroko sikutaya nthawi ai, cifukwa mlingo wa mankhwala a mwana umacokera pa kulemera kwa thupi lace.

Tiyeni titenge citsanzo ca Panado, mankhwala otsitsa kutentha kwa thupi. Mwana amayenera kulandira mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse. Tsono mwana wa makilogalamu 11 afunika mamiligalamu a pakati pa 110 ndi 165. Panado wamadzi wa ana amene apezeka kawirikawiri ali ndi mamiligalamu 120 m'mamililita 5. Powerengera, namwino apeza kuti mwanayo angamwe kuyambira mamililita 4.6 kulekeza 6.9. Popeza nambala zotere nzobvuta kupima kunyumba, iye amasankha mamililita 5, mlingo wosabvuta umene uli mkati mwa malire aja. Lamulo lace nlakuti pofupikitsa nambala, munthu asapyole malire a pamwamba kapena kutsikira kunsi kwa malire a pansi. Panado sayenera kumwedwa koposa kanai pa tsiku, pakuti akaculuka amaononga ciwindi.

Mankhwala a malungo ali ndi dongosolo lao. M'caka ca 2002 Boma la Zambia linasankha Coartem kuti alowe m'malo mwa chloroquine amene anali atasiya kugwira bwino nchito. Mwana wa makilogalamu 5 koma osafika 15 amamwa piritsi limodzi. Wa 15 osafika 25 amamwa awiri. Wa 25 osafika 35 amamwa atatu. Ndipo wa 35 kupita m'tsogolo amamwa anai. Mwana wa makilogalamu 14.6 sanafike pa 15, motero lace ndi limodzi basi. Mlingowu umamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: waciwiri pakapita maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi mkaka kapena cakudya ca mafuta monga phala lotendera nsinjiro.

Bvuto limabuka kunyumba. Ena amapima mankhwala amadzi ndi supuni yodyera phala, kuiwala kuti masupuni amasiyana kukula. Ena amaonjezera mlingo poganiza kuti mwana acira msanga. Enanso amaleka pa tsiku laciwiri mwana akayamba kusewera, nasungira mbale wace mapiritsi otsalawo. Pamenepo ana onse awiri amalandira mlingo wopelewera, tizirombo ta malungo timatsala m'magazi, ndipo matenda angathe kubweranso.

Inu makolo, nyamulani khadi la ku sikelo nthawi zonse popita ku cipatala. Pimani mankhwala ndi kacikho kapena kasupuni kamene kabwera ndi botolo. Musanacoke pa zenera lolandirira mankhwala, bwerezani kwa namwino zimene mwamva: mapiritsi angati, kangati pa tsiku, ndiponso kwa masiku angati. Ngati mwana wasanza pasanathe theka la ola atamwa Coartem, kapena akukomoka, bwererani naye ku cipatala tsiku lomwelo.