Mphatso ya m'katuni, mphatso ya m'lichero

Makatuni adafika m'midzi ya ku Mulanje mawaya a ESCOM asanafike. Pa Chitakale, pa Nkando, pa Limbuli mpaka kumalire ku Muloza kuli anyamata amene ntchito yawo n'kuika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi, ndipo mayi akapita kukaikitsa nyimbo za kwaya amawonjezera kuti, "Mundiikiremonso timakatuni ta ana." Foni imatchajidwa pa sola masana, madzulo ana n'kuunjikana pakhonde mitu itagundana. Ku Bondo, kumene bungwe la MEGA limapukusa magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, nyumba zina zili ndi kanema weniweni. Zoti ana aziwonera kapena asamawonere, nkhaniyo idatha kale, akuwonera. Chimene chimandikhudza ine n'chimene mwana wa zaka zitatu kapena zinayi akutolamo pa nkhani ya chinzake ndi kupatsa, chifukwa pa zinthu ziwirizi makolo athu sadali osowa chophunzitsa.

Makatuni ambiri a ku America ndi ku Ulaya opangidwira ana a msinkhu wa mkombaphala, nkhani ya mphatso amaiyendetsa motere. Mnzake wa mwini nkhani ali ndi phwando la tsiku lobadwa. Mwini nkhaniyo akufuna kum'patsa kanthu, koma poyamba amasankha chimene iye mwini amachikonda. Wamkulu wina amam'funsa kuti, nanga mnzakoyo amakonda chiyani? Mwana uja amakhala pansi n'kukumbukira kuti mnzakeyo amakonda mtundu wakuti kapena nyama yakuti, ndipo mphatso imakutidwa m'pepala lonyezimira, n'kukatsegulidwa pamaso pa onse. Katuni ya Daniel Tiger's Neighborhood, imene idayamba mu 2012 pa PBS Kids ku America, ndi ya m'gulu la maphunziro otere. Idaphuka pa ntchito ya Fred Rogers, m'busa wa mpingo wa Presbyterian amene kuyambira 1968 mpaka 2001 ankacheza ndi ana pa kanema za mkwiyo, mantha ndi chikondi. Chimene amafuna kumeneko n'chakuti mwana adziwe kutchula za mumtima mwake, ndiponso azindikire kuti mnzake ali ndi mtima wakewake, wosiyana ndi wa iye.

Kwathu kuno mphatso siyembekezera tsiku lobadwa. Agogo athu ambiri tsikulo salidziwa n'komwe. Phunziro limayamba ndi chitumbuwa chimodzi. Mayi akachokera kumsika amachipereka kwa wamkulu mwa anawo n'kunena kuti, "Mugawane," iwo n'kumapenyera chapambali kuti wamng'ono walandira gawo lotani. Nzimbe imadulidwa mfundo ndi mfundo kuti ikwanire onse amene ali pabwalo, a m'nyumbamo ndi a kwa aneba omwe. Mwana akatambasula dzanja limodzi, chinthucho chimabwerera kaye mpaka atatambasula onse awiri, maondo atapinda. Mwana yemweyo ndi amene amatumidwa kukatula mbale ya ndiwo kuseri kwa mpanda, ndipo amaona ndi maso ake kuti mbaleyo sibwera yopanda kanthu: lero yapita ndi nandolo, mawa yabwera ndi makaka kapena kalongonda. Palibe amene amam'khazika pansi kum'fotokozera kuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Kachipandeko amakanyamula yekha.

Ubwenzi nawonso uli ndi mwambo wake. Kummwera kuno amayi ali ndi chinjira: mkazi amasankha mnzake amene si wa mbumba yake kuti akhale anjira ake, ndipo kuyambira pamenepo amapatsana ufa, nsalu ndi mchere, amadwazikana, amaimirirana pa maliro ndi pa ukwati. Megan Vaughan, katswiri wa mbiri wa ku Britain amene adafufuza za mabanja ndi njala ya 1949 m'chigawo cha kummwera, adalemba za chinjira monga njira imene amayi ankathandizirana kunja kwa chibale. Kamtsikana kamene kamatsagana ndi mayi ake kwa anjira awo katasenza kalichero kake kamaphunzira kuti bwenzi umasankha wekha, koma ukasankha sum'taya chaka chamawa. Pa masanje, akulu atatha kukolola, ana amayeserera zomwezo: amaphika nsima yeniyeni m'timiphika, banja lina n'kutumizira linzake kambale.

Pa zimenezi a ku Japan amafanana nafe kuposa a ku America. Nawonso amalandira ndi manja awiri, ndipo mwa mwambo wakale safulumira kutsegula mphatso pamaso pa woipereka. Munthu akachoka paulendo amabwera ndi kachakudya ka kumene adapitako kuti agawire a kunyumba ndi a kuntchito, monga momwe wochokera ku Mulanje safikira kwa abale ku Blantyre wopanda nanazi kapena mapeyala. Katuni imene ana aang'ono a kumeneko amaikonda kwambiri, Anpanman, ndi ya ngwazi imene mutu wake ndi buledi wokhala ndi nyemba zotsekemera mkati. Ikapeza wanjala imabenthula mbali ya mutu wake n'kum'patsa kuti adye, ndipo ikatero mphamvu zake zimachepa mpaka wophika buledi ataiphikira mutu wina. Takashi Yanase, amene adatulutsa nkhaniyi m'buku la ana mu 1973 isanakhale katuni ya pa kanema mu 1988, njala adaiona ali msilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Akuluakulu ena poyamba adaipidwa nalo bukulo, ati ndi lankhanza, koma ana adalikonda. Ine ndimaona kuti mwana wa kwa Mabuka kapena kwa Njema angaimve msanga nkhani imeneyi kuposa ya keke ndi mabaluni, chifukwa amadziwa kale kuti kupatsa kumachepetsa chimene uli nacho. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, adawaonapo mayi ake akutapira mnzawo ufa m'thumba limene latsala pang'ono kutha.

Nkhawa yanga ndi makatuni a mphatso zokutidwa m'mapepala yagona pamenepa. Mphatso yake kawirikawiri ndi yogula, kapena imaoneka yogula, ndipo kuseri kwa makatuni ambiri kuli msika wa zidole. Mu 2019 kampani ya zidole ya Hasbro idagula Entertainment One, eni ake a katuni ya Peppa Pig, pa mtengo wa madola a ku America pafupifupi 4 biliyoni. Ndalama zotere munthu saperekera nthano zokha. Mwana wa mayi wothyola tiyi ku Lujeri akamaonera zoterezi tsiku ndi tsiku angayambe kuganiza kuti iye alibe choti n'kupatsa mnzake, kuti mango amene watola m'mawa kapena galimoto ya mawaya imene mkulu wake wam'pangira si mphatso. Ganizo limeneli n'loopsa m'boma limene ana ake aona kale katundu wambiri wachithandizo akutsitsidwa m'magalimoto. Namondwe wa Freddy atasakaza Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, mabanja ambiri adakhala m'misasa ya m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndipo mabulangete ndi ufa zochokera kutali zidapulumutsa miyoyo. Tiyenera kuthokoza. Koma oyamba kupereka adali aneba amene nyumba zawo zidatsala, amene adatsegula zitseko mvula ikadagwa. Mwana akapanda kuuzidwa mbali imeneyi amakula akudziwa kuti opatsa amakhala kutali, iye yake ndi yotambasula manja basi.

Komabe si zonse zakwathu zimene ndingaziikire kumbuyo. Kugawana timaphunzitsa pochititsa manyazi, nthawi zina ndi kamkwapulo. Mwana wa zaka ziwiri akakumbatira chidole chake timam'tcha womana, wambombo, anzake n'kumam'seka, pamene pa msinkhu umenewo wangoyamba kumene kuzindikira kuti chinthu chingakhale chake. Timam'landa n'kupatsa mwana wa mlendo, iye akulira, ife n'kumati tam'phunzitsa ulemu. Wagawa ndithu, koma chimene chatsala mumtima mwake ndi mantha. Ndipo funso lija la m'katuni, lakuti mnzako amakonda chiyani, ana athu salimva kawirikawiri. Timawaphunzitsa kupereka chimene chilipo, ndipo n'zabwino, koma kuyang'ana nkhope ya mnzawo n'kuzindikira kuti lero sakufuna chakudya, akufuna wosewera naye, timangoti adzadziwa akadzakula. Pamenepa alendowa ali nako kotiphunzitsa, ndipo palibe chochitira manyazi.

Chovuta n'chakuti katuni payokha siphunzitsa zimene oilemba amaganiza. Mu 2008 Marie-Louise Mares ndi Emily Acosta a ku yunivesite ya Wisconsin-Madison adafalitsa zimene adapeza ataonetsa ana a msinkhu woyamba sukulu gawo lina la katuni ya Clifford the Big Red Dog. M'nkhaniyo agalu amakumana ndi galu mnzawo wa miyendo itatu, amayamba n'kumuopa, kenako amapalana naye ubwenzi. Olemba katuniyo ankafuna ana aphunzire kulandira anthu aulumali. Ana ambiri atafunsidwa, phunziro limene adatola lidali la agalu basi, loti galu wa miyendo itatu uzim'komera mtima. Kafukufuku wina wa mu 2016, wotsogoleredwa ndi Eric Rasmussen wa ku Texas Tech University, adapeza kuti ana oonera Daniel Tiger ankaonetsa chifundo chochuluka ndi kuzindikira bwino mmene anzawo akumvera pokhapokha ngati makolo awo adali ndi chizolowezi chokambirana nawo zimene amaonera pa kanema.

Amene adakulira pa nthano sangadabwe nazo. Wosimba akati "Padangokhala," ana amavomera "Tilitonse," ndipo amavomerabe mpaka nthano itatha, amaimba nawo nyimbo yake, amafunsa chifukwa chimene Fisi adadyera nyama yekha. Agogo amakhala akuwerenga nkhope. Akaona kuti wamng'ono wachita mantha amafewetsa mawu. Akakumbukira kuti wina adamana mnzake masana amatsindika pamene Fisi akulandira chilango, osatchula dzina la mwini mlandu, koma iye amadzimva yekha. Foni siona nkhope ya mwana. M'makomo mwathu lero foniyo timam'patsa mwana kuti tipeze mpata wophika kapena wochapa, ndipo amaonera popanda wom'vomera. Sindikuwadzudzula amayi. Amene waweruka m'munda wa tiyi dzuwa litapendeka amapeza madzi, nkhuni ndi mphika zikum'dikira. Kungoti tisamadzinamize kuti pa nthawi imeneyo mwanayo akuphunzira khalidwe.

Makatuni a muno mu Africa afupikitsako mtunda. Bungwe la Ubongo, limene lidayamba ku Dar es Salaam mu 2013, limapanga Akili and Me, nkhani ya mtsikana wa zaka zinayi wokhala m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro, ndipo idamasuliridwa m'zilankhulo zingapo kuphatikizapo Chichewa. Mwana wa ku Likhubula, amene akatuluka m'nyumba m'mawa choyamba kuona ndi phiri, sangavutike kum'tenga Akili ngati mnzake. Ku South Africa, pulogalamu ya Takalani Sesame idabweretsa mu 2002 chidole chotchedwa Kami, mwana wamasiye amene ali ndi kachilombo ka HIV, kuti ana aone kuti mnzawo wotere n'ngosewera naye ndi kum'kumbatira. Ngati nkhani yolemera chotero idakwanira m'pulogalamu ya ana, ya chinjira singalephere. Ndimalakalaka katuni yolembedwa kuno kuchokera pachiyambi, m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, imene kamtsikana kake kamatumidwa ndi mbale kwa aneba, kamafika n'kupeza mnzake akudwala, n'kubwerera kukaganiza chimene chingam'sangalatse wodwalayo. M'nkhani imodziyo mukhala zakwathu ndi funso lija la alendo.

Podikira zimenezo, malo amene ntchitoyi ingagwirike lero lomwe ndi sukulu za mkombaphala za m'midzi, zimene boma lidazizindikira m'ndondomeko yake ya 2003 ndipo limazilimbikitsa ndi uthenga wa Mmera Mpoyamba. Alezi ake ambiri ndi ongodzipereka, ena amaphunzitsira m'tchalitchi kapena pansi pa mtengo, kanema alibe. Koma ana amafika m'mawa za m'makatuni zili pakamwa. Mlezi safunika magetsi kuti afunse kuti, "Dzulo mwaonera chiyani? Uja adam'patsa chiyani mnzake? Nanga iwe ukadam'patsa chiyani?" Dongo lilipo kudambo. Aliyense aumbire mnzake kanthu, koma ayambe wam'funsa mwini wake chimene akufuna, kaya ng'ombe, kaya galimoto, kaya kamphika, ndipo woperekayo apereke ndi manja awiri monga wolandirayo. Amene lero wakana kugawa asasekedwe. Apatsidwe ntchito yogawa makapu pa nthawi ya phala, alawe kukoma kwa kuthokozedwa.

Bungwe la WHO lidalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku atakhala pansi kuyang'ana kanema kapena foni. Uthenga umenewu uyenera kumamveka kusikelo pamodzi ndi wa katemera ndi wa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo ophunzitsa alezi aulowetse m'maphunziro awo. Aziwonjezerapo kuti pa ola limodzilo pazikhala munthu wamkulu, kaya agogo, kaya mchemwali wa Sitandade 7, amene katuniyo ikatha am'funse mwana zimene waona.