Bizinesi Imene Inabadwira mu Msewu Woipa

Mu 1975, Tony Brown wa ku Australia anayenda ulendo pa Land Rover m'dera la Cape York, kumene misewu ndi yafumbi komanso yamabampu. Popeza ankakonda kukonza galimoto ndi kuwotcherera zitsulo, apaulendo anzake ankamupempha kuti awalumikizire makaliyala a padenga ndi zitsulo zotchinga kutsogolo zikathyoka. Gwero la vutolo analiona msanga: zitsulozo sizinkapirira kugwedezeka kwa tsiku lonse, kumene aliyense woyenda misewu ya kumudzi amakudziwa bwino.

Atabwerera ku Melbourne, anayamba kupanga makaliyala olimba m'galaja ya pakhomo. Kampaniyo anaitcha ARB, kuchokera ku zilembo zoyambirira za maina ake. Lero katundu wake amagulitsidwa m'maiko oposa 100.